Masabata Atatu Osathira Mchere

Bangwe, 3 Malichi 2024

Okondedwa achemwali Agnes,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, pamodzi ndi azimayi anu oyembekezera amene mumawakonda kuposa ife abale anu. Kuno tilipo. Amayi ali bwino, kungoti bondo lija. Alamu anu a Laurenti akukhoma madesiki a sukulu ina ku Limbe, akumabwera utuchi uli m'makutu. Limbani wakwanitsa miyezi isanu ndi iwiri, mano awiri atuluka ndipo akuyesera pa ine. Bala la opareshoni linapola, limangoyabwa kukazizira.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati mwana wa sukulu yogonera konko. Foni yanga inagwera mu ndowa ya matewera, ndiye tikugwiritsa imodzi ndi alamu anu, ndipo imakhala m'thumba mwawo. Ya Amayi mukuidziwa, samva pokhapokha aike pa laudi, Bangwe yense n'kumamvera nawo. Iyi ndapatsira a Obed, aja amanyamula katundu wa ku Joni. Anyamuka Lachiwiri.

Pali mnzanga wina kumsika, timagulitsa limodzi nsapato za kaunjika. Naye anabereka ndi opareshoni, mwana wake ndi msinkhu wa Limbani yemweyu, ndipo ali ndi ena awiri. Tsopano papita miyezi iwiri osapita kumwezi. Adokotala anamuuza kuti adikire zaka ziwiri asanatenge mimba ina. Sakudya. Akuti zobwerera pa tebulo la opareshoni lija akuziopa kwambiri. Mwamuna wake sakudziwa. Wandipempha kuti, poti mkulu wako ndi mzamba, tamufunsa, munthu wotere angatani? Akuti amamva kuti kuli mapiritsi.

Mundiyankhe msanga, akundivutitsa tsiku ndi tsiku.

Mng'ono wanu,
Takondwa

Germiston, 16 Malichi 2024

Takondwa mng'ono wanga,

Kalata yako yandipeza ndili moyo, ngakhale yafika ikununkha usipa wa eni ake. Moni kwa Amayi, kwa alamu, ndi kwa mwini mano awiri.

Miyezi isanu osandilembera, lero wakumbuka kuti uli ndi mkulu wako chifukwa mnzako wa nsapato watumbiza? Zaka zinayi ndinakhala ku yunivesite, kudya nyemba zofumbwa, kuti ndidzakhale ofesi ya malangizo ya msika wa Limbe?

Mnzakoyo umufunse: potuluka m'chipatala, anamwino sanamuuze za kulera? Anamuuza. Ndikudziwa chifukwa nanenso ndimanena mawu omwewo kakhumi pa tsiku, azimayi n'kumagwedeza mitu ngati ali pa ulaliki, maganizo ali pa minibasi. Miyezi ingapo, uyo wabwera, "Ndimayesa poti ndikuyamwitsa." Bere si mpanda. Jakisoni, ka pamkono, lupu, zonse zili pa sikelo pomwepo pamene amakakweza mwana. Koma ayi, ife timadikira madzi afike m'khosi ndiye tiyambe kufunsa kumene amagulitsa bwato.

Mapiritsi alipodi. Kuno timapereka mu kiliniki, munthu atapimidwa, tadziwa kuti mimba ndi ya masabata angati, tamuuza zoyembekezera ndi tsiku lobweranso, chifukwa lamulo la kuno limalola. Kwathuko lamulo ndi lina, ndipo ine sindingatumize mankhwala pa lole kwa munthu amene sindinamuonepo. Apite kuchipatala akafotokoze zonse, makamaka za bala lakelo. Auzenso mwamuna wake. Mimbayo sanaitole panjira.

Mwayi wake iwe ndimakudziwa, ndiwe wochenjera, sungachite zopusa ngati zimenezi. Uzisankha anzako.

M'jumbomo muli tizovala ta Limbani ndi mafuta opaka bondo la Amayi. Uwauze kuti ndi opaka, asathire mu tiyi.

Mkulu wako wosalipidwa,
Agnes

Bangwe, 14 Epulo 2024

Mwana wanga Agnes,

Atamandike Yesu Khristu. Uli bwanji kumeneko? Ine ndadzuka. Mafuta aja ndinalandira, akuthandiza pang'ono, ukapeza ena usaumire. Kamunda ka ku Nguludi usakawerengere, chimanga chinapserera ndi dzuwa chisanabereke.

Ndalemba kuti ndikudandaulire za mng'ono wako, amene wandisandutsa wantchito wake. Lero lakwana sabata lachitatu ndikumuthirira mchere m'ndiwo. Mwambo wathu ukuudziwa, mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, kuopa kuti a m'nyumba angatupe ndi tsempho. Iwe unkati n'zachikale, unkathira dala kuti uone amene ayambe kutupa. Mng'ono wako ndiye anaugwira mwambo, ndipo pamenepo ndimamunyadira. Koma kale ankandiitana masiku anayi, akachulutsa asanu. Tsopano ndi tsiku lililonse. "Amayi, tabwerani mudzathire." Ine ndili pamkeka, bondo likuwawa, ndidzuke, ndidutse bwalo lonse kuchoka kunyumba kwanga kupita kwake chifukwa cha kamchere kotapa ndi zala zitatu. Ndikuona ngati ndi ulesi, kapena akufuna ndiwo zikalakwika mlandu uzikhala wanga.

Kumsika wasiya, akuti bizinesi yafa. Amangogona. Nkhope yachita mbuu, m'manja mwayera ngati wagwira ufa. Dzulo masana, dzuwa lili ng'aa, ndinamupeza atafunda bulangete mano akugundana. Akuti timalungo, wamwa panado. Kuchipatala akukana, akuti sangathe mzere.

Umulembere umukalipire. Ine ndikalankhula amangoyang'ana khoma, koma iwe amakuopa.

Ndine mayi ako

Germiston, 25 Epulo 2024

Takondwa,

Moni ndidzapereka ukachira. Kalata ya Amayi yakhala masiku khumi ndi limodzi panjira, lole ya a Obed inafera ku Tete. Ndaiwerenga m'mawa uno ndili chiimire. Ndaimbira alamu, ali ku Limbe, akuti uli bwinobwino, ndi timalungo chabe. Ndaimbira Amayi, ndamva azimayi a kumphakati wa tchalitchi onse akuyankha moni pamodzi, ndadula. Ndiye iyi ndaijambula pa foni n'kutumiza kwa Shamsa, mnzanga wa ku yunivesite uja wa ku Ndirande, amene ndi namwino. Akubwera nayo yekha. Uwerenge iye ali pomwepo.

Masabata atatu osathira mchere, kuonjezapo masiku a panjira, ndi mwezi wathunthu ukutaya magazi. Kumwezi kotero kulibe. Mnzako wa nsapato uja ndi iwe. Mwana wa sitandade faifi akanazindikira, koma ine wa digiri ndinakuyankha ngati ndili pa wailesi, mpaka kukutcha wopusa pamaso pako. Zimenezo tidzakamba, ndipo udzanditukwana mpaka ukhute. Lero ayi.

Lero ungomvera. Sindikufunsa chifukwa chake. Mimba ikachoka, kaya yokha kaya mochita kuchotsa, nthawi zina zina zimatsalira m'chiberekero. Zotsalirazo ndi zimene zimatayitsa magazi osaleka, ndipo zikayamba kuola thupi limatentha, munthu amazizidwa, m'mimba mumawawa, kumusi kumatuluka fungo. Bulangete la masana lija si malungo. Panado akungophimba moto ndi chitenje. Zikalowa m'magazi, masiku awiri kapena atatu munthu timamutaya.

Kuchipatala akakupima, mwina akakuunika ndi sikani, kenako akatsuka chiberekero ndi kachipangizo kapulasitiki kokoka ngati jakisoni wamkulu. Amayamba akupatsa oletsa ululu, ndipo kawirikawiri sizitenga ngakhale theka la ola. Si mpeni, si tebulo lija ukuliopa. Akakupatsanso mankhwala opha tizilombo, ndipo ngati magazi achepa kwambiri akakuonjezera. Chithandizo chimenechi n'chololedwa, chimaperekedwa tsiku ndi tsiku, ndipo amene akakulandire pakhomo ndi namwino, osati wapolisi.

Koma ukanene zoona. Ngati unamwa mapiritsi, ukanene angati ndiponso liti, ndipo chikutiro chake utenge ngati chilipo. Ngati unamwa zitsamba, ukanene. Ngati wina analowetsa kanthu, kamtengo ka chinangwa kapena china chilichonse, ukanene, kuti akaone ngati sanakuvulaze m'kati. Za opareshoni usaiwale. Amene amabisa pa bedi lija amatichititsa kuthamangitsa matenda olakwika, nthawi n'kumapita.

Usadikire alamu aweruke. Usayambe kuchapa kaye kuti ukaoneke waukhondo. Limbani umusiyire Amayi kapena aneba. Nyamuka.

Ukakana, ndiimbira Amayi, pa laudi pomwepo, a kumphakati alipo. Ukundidziwa.

Agnes

Germiston, 29 Epulo 2024

Amayi,

Muli bwanji? Ndafunsa mwa ulemu chabe, poti ine ndiye sindili bwino. Masiku anayi! Foni yanu yazima, ya alamu ikungoitana. Shamsa, munthu amene ndinkamubwereka manotsi zaka zinayi, wandiyankha mawu awiri okha: "Wagonekedwa, akumuthandiza." Nditafunsa zambiri akuti wodwala ali ndi pakamwa pake, chinsinsi cha wodwala sichiwoloka malire. Akundiphunzitsa malamulo a ntchito yanga ine! Choipa n'chakuti akunena zoona.

Dzulo ndinaika thamomita m'khwapa mwa mayi wina n'kuiwala, mpaka anachita kundifunsa ngati ndamupatsa ya kunyumba. Iyinso ndatumiza kudzera kwa Shamsa yemweyo, akuwerengereni. Lachisanu likafika ndisanamve kanthu, ndikwera basi.

Mwana wanu,
Agnes

Bangwe, 3 Meyi 2024

Agnes mwana wanga,

Atamandike Yesu Khristu. Usakwere basi. Mng'ono wako ali moyo, tatuluka dzulo. Foni inatha moto kuchipatala, koma kunena zoona, ngakhale ikanakhala ndi moto sindikanadziwa chokuuza. Shamsa wati aijambula kalatayi ifike lero lomwe.

Tsiku lija mnzakoyo anafika cha m'ma teni, ndi mpango wake kumutu, ine n'kumayesa wogulitsa nsalu. Anapempha kuti alankhule ndi Takondwa awiriwiri. M'nyumba ya mwana wanga, ine panja! Ndinakhala pakhonde ndi Limbani. Ndinamva kulira, kenako, "Sindipita, akandimanga." Kenako chinthu chinagwa. Ndinalowa osaodira. Anali pansi, anafuna kuimirira miyendo n'kukana. Nditamugwira, thupi linali ngati mbaula. Ndipo fungo lija, Agnes. Ndabereka ana asanu, ndasambitsa maliro osawerengeka, ndinalizindikira popanda wondiuza. Sienta ya aneba ndi imene inatinyamula.

M'galimoto anandiuza yekha, mutu uli pamiyendo panga. Anagula mapiritsi kwa munthu wina kumsika, okulunga m'kapepala ka nyuzi, opanda dzina, opanda malangizo. Magazi atapitirira, anapita kwa mayi wina ku Machinjiri amene anamupatsa zomwa zowawa kuti zitsuke m'mimba. Anapitako kawiri, ine ankandiuza kuti akukapikula nsapato.

Kuchipatala anamutsuka tsiku lomwelo, madiripi, majakisoni, magazi mabotolo awiri. Namwino wolemba anandifunsa, "Gadiyani, anayamba liti kutaya magazi?" Ndinayankha osaganiza n'komwe kuti Lamulungu la Kanjedza. Anakweza maso. "Ndiye mumadziwa, mayi?" Masiku ndinkawerenga, Agnes, ndinkawerenga bwinobwino osaphonya, koma ndinkawerengera bondo langa. Mwambo unkandiuza tsiku ndi tsiku kuti mwana wako akutha magazi, ine n'kumadziyamikira kuti ndinalera bwino. Ndinkaima naye pa mphika umodzi, phewa ndi phewa, osamufunsa.

Usaganize kuti ndavomereza. Chimene wachita chikundiwawa mumtima, ndipo ndikapita kokalapa sindidziwa kuti ndikayambira pati, pa iye kapena pa ine. Koma mlandu timakamba ndi munthu wamoyo. Pa bedi loyandikana ndi lathu panali mtsikana wa ku Zingwangwa, wamng'ono kwa Takondwa, amene anachedwa kuposa ife. Anamuchotsa chiberekero chonse. Mayi ake ankangopinda chitenje chimodzi, kuchifunyulula, kuchipindanso.

A kumphakati anabwera ndi nthochi ndi mafunso. Nthochi ndinalandira. Ndawauza kuti magazi anachepa m'thupi, ndipo si bodza. Apongozi anga a Laurenti ndawauza kuti wapita padera. Analira ngati mwana, akuti sankadziwa n'komwe kuti kuli mimba. Zotsalazo si zanga kunena. Si zakonso, wamva? Pakamwa pakopo ndimapadziwa.

Ndine mayi ako

Germiston, 5 Meyi 2024

Takondwa mng'ono wanga,

Moni uja ndinasunga, nayu. Wadzuka bwanji?

Ndiyambe ndi chovuta. Unagogoda pakhomo panga ine n'kukuyankhira pawindo. Pepa. Ndikanafunsa funso limodzi lokha, ndikanakutumizira Shamsa mu Malichi momwemo, akanakuperekeza kwa dokotala. Lamulo la kwathu limasiya mpata pamene moyo wa mayi uli pachiswe, ndipo woyeza zimenezo ndi dokotala, osati wa kumsika. Sindingalumbire chimene akanakuuza, koma sukanakhala wekha ndi kapepala ka nyuzi.

Tsopano ndivale yunifolomu, poti kupepesa kwandipweteka msana. Mankhwala umalize onse, ngakhale uyambe kumva bwino. Oonjezera magazi aja amadetsa chimbudzi, usathamangire kwa asing'anga. Idya chiwindi, mazira, nyemba, bonongwe. Timagazi tochepa kwa sabata imodzi kapena awiri si vuto. Koma ukaona mapadi awiri akudzadza pa ola, kapena thupi latenthanso, fungo, chizungulire, m'mimba kupweteka kwambiri, ubwerere tsiku lomwelo, osati "tione mawa". Mabelo a nsapato ndi ndowa za madzi zidikire. Tsiku lobwerera kukapimidwa si pempho, ndi lamulo langa.

China chimene ambiri sadziwa: mimba ina ikhoza kulowa pasanathe masabata awiri, usanaone n'kumwezi komwe. Anakupatsa njira yolerera usanatuluke? Undiyankhe, ndipo nthawi ino ndikufunsa, sindikulalikira.

Za mumtima sindingakulembere mankhwala. Ena amalira, ena amapepukidwa, ena zonse ziwiri tiyi asanapse. Palibe cholakwika pamenepo. Koma mdima ukakhalitsa, usaubise.

Zouza alamu ndi zako. Ngati ukuopa dzanja, usawauze uli wekha. Ine pakamwa ndatseka, ndipo ukudziwa kuti kwa ine imeneyo ndi opareshoni yaikulu.

Mkulu wako,
Agnes

Bangwe, 20 Meyi 2024

Achemwali,

Ndadzuka, kaya inu. Kalata yanu yopepesa ndaisunga mu sutikesi pamodzi ndi satifiketi ya ukwati, chifukwa zinthu zotere zimachitika kamodzi pa moyo.

Kutukwana munandilonjeza kuja ndikusungirani mudzabwere, papepala sikukoma. Ndingokuuzani kuti kalata yanu ya mu Malichi ndinaiwerengera kumsika, kuseri kwa belo. Nditafika pa mawu aja oti ndine wochenjera, ndinaipinda. Patapita masiku awiri ndinagula mapiritsi aja. Sindikunena kuti ndi inu munandigulitsa mapiritsiwo. Ndinali nditaganiza kale, usiku ndi usana, kuti mimba iyi sindifika nayo, ana atatu angatsale ndi Amayi a bondo limodzi. Chimene ndinkafuna kwa inu n'chakuti wina andiuze njira yosafa nayo.

Ndinapita kukapimidwa Lachinayi, akuti m'kati muli bwino, magazi akukwera pang'onopang'ono. Ndikumafika pa mpopi osapumira panjira. Ka pamkono anandiika ndisanatuluke. Amayi anali pomwepo, anatembenuka n'kumayang'ana pawindo nthawi yonseyo, ngati kunja kukudutsa gule. Ku Misa ndikupita koma ndikumakhala kumbuyo. Masiku ena ndimawerenga kuti ikanakhala ya miyezi ingati. Masiku ena ndimangoyang'ana Limbani akukwawa n'kumva kukoma kuti ndilipo. Sindinasankhe kuti loona ndi liti.

Alamu anu ndinawauza. Sindikanatha kuwaona akundisisita msana chifukwa cha nkhani ya theka. Linali Loweruka masana, Amayi ali panja pafupi ndi chitseko, akunamizira kusankha nyemba. Dzanja sanakweze. Anangoti, "Miyezi iwiri unkanyamula mantha amenewo m'nyumba muno, ine n'kumakufunsa za sopo?" Kenako anati, "Mwanayo analinso wanga." Ndinati ndikudziwa. Anatenga jekete n'kutuluka.

Masiku anayi ankangobwera kudzasintha malaya. Kudya ankadya kwa achimwene awo ku Nkolokosa. Ndinayamba kuganiza zoti ana ndiwauza chiyani.

Lachitatu anabwera masana, thonje lili pamkono, nkhope ili mbuu, m'manja muli botolo la Fanta. Ndinayesa avulala ndi macheka a matabwa. Ayi. Anapita kukapereka magazi. Munthu amene amathawa jakisoni wa kafumbata, amene anatuluka panja tsiku limene Limbani ankabayidwa katemera. Akuti anakomoka kawiri, koyamba atangoona singano. Anauza anamwino kuti atenge mabotolo awiri, poti mkazi wawo anaikidwa awiri a anthu osawadziwa. Anawaseka, akuti bambo, timatenga limodzi, linalo mudzabwere pakatha miyezi itatu.

Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe. Akugonabe choyang'ana kukhoma. Koma kakhadi kamene anawapatsa, kolembedwa tsiku lodzabweranso, anakakhoma ndi msomali pamwamba pa bedi lathu, osati kwa achimwene awo. Palembedwa Ogasiti.

Mng'ono wanu,
Takondwa